Bakha Wofiira Pamsana

Kuseri kwa nyumba yanga kumakhala akuluakulu ena atelala, amene amasoka mikanjo ya anthu ovina mizimu kuyambira ku Majaua mpaka kutsidya kwa Ruo. Mawu a kasitomala sawakhulupirira. Amati chizindikiro cha pamkanjo si kapulana, nsalu yogulitsa pamerikado, yoti munthu aloze ndi chala. Mwini wake amachita kuchilota. Wina amalota nyenyezi, wina mtanda, ndipo iwo amadula nsalu yofiira n'kusokerera pamsana, kwinaku akung'ung'udza nyimbo ya ku Katolika.

Chaka chatha mutu unandisautsa kwambiri. Asing'anga anati ndivine nditavala chizindikiro changachanga, koma chikakhala chabodza mizimu ikwiya ndipo mutuwo supola. Tsoka ilo, ine ndikagona ndimakhala ngati thumba la chimanga, maloto sindiwakumbuka. Ndinapita kwa atelalawo n'kuwauza kuti ndalota mkango.

"Mkango, akumpadre? Inu amene mumatsika njinga mukaona galu?"

Anaitana mkazi wanga, Lucrécia. "Mayi, bambowa akagona amabwebweta zotani?"

"Za mkango sindinazimvepo," anayankha iye. "Amangokuwa kuti timugwire bakha, akuwajompha."

Ndinachonderera kuti bakhayo amuikeko mano awiri okha. Anakana, amvekere mizimu imawadziwa bwino abakha.

Ndinavina pamaso pa mudzi wonse bakha wofiira ali pamsana, azilamu anga akuomba m'manja mopitirira muyeso. Mutu unapoladi, ndiye ndilibe kokadandaula. Mkanjowo ndimauchapa ndekha, n'kuuyanika chotembenuza.