Edifayi wa Atate

Atate anali mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi mwathu, m'munsi mwa mapiri a Katete, nkhondo ya Jeremani itangotha. Chingerezi sankachidziwa kwenikweni, koma chilimwe china atapita kumishoni kukasulidwa pamodzi ndi aphunzitsi anzawo, anabwerako ndi liwu limodzi lomwe linawakhala pakamwa mpaka imfa. Polemba amati edify, koma iwo ankati edifayi.

Ankatiuza kuti mzungu wakumishoni anawamasulira kuti ndiko kumangirira munthu, kumuwongola mtima kuti akhale wabwino kuposa dzulo. Eni ake liwulo ankalitchula ponena za ulaliki ndi nyimbo za m'tchalitchi basi. Koma atate, aa, analitulutsa panja. Mwana akatukwana ankamufunsa kuti, "Mawu akowo aedifaya ndani?" Amayi akamachedwa kuchitsime ndi miseche, funso linali lomwelo. Mpaka amayi anatopa nalo. Tsiku lina powapatsa therere anati, "Idyani aphunzitsi, mwina likuedifayani, mwaonda ngati bango."

Ndinali ndi atsibweni, mlongo wawo wa amayi, amene anatengedwa kunkhondo kukasenza katundu wa asilikali. Anabwerako ali munthu wina, atalumbira kuti sadzasenzanso katundu wa munthu aliyense. Ankangokhalira mowa, ndipo pa maliro ena anamenya munthu ndi chibonga. Akulu a mpingo anawadula, nalamula kuti Mkhristu asadye nawo mbale imodzi kufikira atalapa. Anthu ankapatuka akawaona panjira. Ine ndemwe ndinkawaopa, sindibisa.

Mvula ikuyandikira, denga la sukulu linali litawola. Atate anapita kwa atsibweni m'mawa, mowa usanawalowe.

"Alamu, m'mudzi muno palibe wodziwa kufolera ngati inu. Tiyeni mukandithandize."

Atsibweni anakwera padenga, atate ali pansi kuwaponyera udzu ndi luzi. Masana ankasamba m'manja nadya pamodzi pansi pa mkuyu, poyera, aliyense wodutsa akuona.

Akulu a mpingo anapsa mtima. Mmodzi wa iwo anabwera kwathu nakana ngakhale mpando. "Aphunzitsi, mukuipitsa mpingo. Mukapanda kuleka, nkhaniyi ikafika kumishoni, ndipo ntchito ikutherani."

Uphunzitsi ndiwo unali moyo wa atate. Koma atate anayankha mofatsa, monga ankayankhira mwana wolakwitsa samu. "Kumishoniko ndi kumene anandiphunzitsa kumangirira munthu. Kodi inu munaionapo nyumba yomangidwa ndi munthu woima patali?"

M'mawa mwake anakaponyanso udzu.

Nkhani inafikadi kumishoni. Mzungu anabwera pa njinga namva mbali zonse. Atate ntchito sanawachotse, koma pofuna kuziziritsa mitima ya akuluwo anawasamutsira kutali, cha ku Vubwi, kumalire, kumene sukulu yake inali chisakasa chabe. Amayi analira, poti ankasiya mudzi wa makolo awo ndi munda wolimalima. Inenso ndinalira anzanga. Atate sanapepese kwa munthu, ndipo lero ndikakumbukira zimenezo mtima wanga umadzaza ndi kunyada.

Tsiku la ulendo, tikumanga katundu pabwalo, atsibweni anatulukira ndi nkhwangwa paphewa, maso ali oyera, osanunkha mowa. Sanapereke moni. Anapinda nkhata, nanyamula bokosi la masileti, lolemera kuposa mitolo yonse, nalisenza pamutu. Amayi anagwira pakamwa, chifukwa lumbiro lija ankalidziwa bwino.

Atate anati, "Alamu, tulani. Kumene tikupitaku n'kutali."

Atsibweni anayankha osatembenuka. "Nanga kumeneko denga akakufolererani ndani?"

Sindinganame kuti mowa anausiyiratu tsiku lomwelo. Ankagwa n'kudzuka, kugwa n'kudzuka, atate osatopa nawo. Koma sukulu yakumalireko anaimanga ndi iwo, kuyambira nsichi mpaka denga, ndipo m'nyumba yomweyo ndi momwe pambuyo pake mpingo unawabwezera ku mgonero wa Ambuye. Tsiku limenelo amayi anakhala kumbuyo kwa atate, ndipo chikho chitafika m'manja mwa mlongo wawo, ndinawamva akunong'oneza atate misozi ili m'masaya.

"Aphunzitsi, liwu lanu lija sindidzalisekanso."