Nthano Zanga Zinathamangitsa Wokumba Chitsime

Ine nkhalamba ya mano atatu ndivomere uchitsiru wanga. Ndinkakhulupirira kuti munthu woipa wa m'nthano ayenera kuoneka woipa akadali patali, ndiponso kuti bodza la m'nthano limatha wokambayo akatseka pakamwa.

Zinayambira ku Zambia, komwe tinathawira nkhondo. Kumsasa kunalibe chochita, ndiye ine wa sukulu ya makalasi atatu ndinapeza kaderno, buku lolembamo ana, n'kuyamba kumangamo dziko langalanga. Unali mudzi wathu womwe wa Chipera, koma utakhala pamwamba pa mitambo. Kumeneko njinga zinkayandama ngati mphamba, chimanga chinkacha m'masiku atatu, ng'ombe zinkamwa mame a kumwezi. Anthu ake anali aatali, osalala, olankhula Chinyanja chonga changa. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, ana ndi amayi awo ankandizungulira, ndipo ndikamawerenga, nayo njala inkakhala pansi kumvetsera.

Koma nthano yopanda mdani ndi ndiwo zopanda mchere. Tsono ndinaumba Anthu a M'maenje. Sindinavutike n'kuganiza, ndinangotola zomwe tinkaseka kale: aafupi, otsimphina, ofiira ndi dothi, olankhula Chinyungwe. Ntchito yawo inali kuba ana ndi kuthira ululu m'madzi. Omvera ankanjenjemera, ine n'kumadzimva mphunzitsi.

Mtendere utabwera tinabwerera kwathu. Mudzi tinaupeza uli thengo, mitengo itamera m'kati mwa nyumba, chitsime chakale chitagumuka. Akazi ankatunga kumtsinje, ulendo wa m'mawa wonse, ndipo mkazi wanga Naphiri msana unali utayamba kale kumuvuta.

Ndiye kunabwera mlendo wina dzina lake Zuze, amene kale ankakumba golide kufupi ndi tauni ya Fingoe. Mwendo wake unalumala ndi bomba lokwirira. Anati atikumbira chitsime, ife timupatse malo omanga ndi olima, popeza kwawo kunalibe wotsala. Inu owerenga, tamuonani munthuyu: wamfupi, wotsimphina, Chinyungwe chili pakamwa, akutuluka m'dzenje thupi lonse lili katondo yekhayekha.

Ana anakuwa n'kuthamangira kwa ine. M'malo mowadzudzula, ndinawatsinzinira diso n'kunena, “Si ndinakuuzani?” Kwa ine kunali kucheza chabe.

Patapita masiku khanda lina linatsekula m'mimba. Amayi anayamba kunong'onezana kuti madzi a munthu wa m'maenje sangawamwe. Tsiku lina masana ana anaponya miyala m'dzenjemo iye ali pansi, pamene dothi linali litayamba kunyowa. Zuze anakwera chingwe magazi ali pamphumi, n'kubwera pakhomo panga, popeza anali atamva kuti dzinalo linachokera m'buku langa. Anangofunsa, “Madala, ndinakulakwirani chiyani?” Kenako anatenga piki ndi fosholo yake, n'kutsimphina kulowera msewu wa ku Fingoe. Sanabwerenso, ndipo palibe mwa ife amene ankadziwa kumanga m'mbali mwa chitsime kuti chisagumuke.

Mpaka lero ndikaodzera pamthunzi ndimamulota. Amakhala ali pansi penipeni, madzi oyera akumufika m'mawondo, akundiitana kuti nditsitse ndowa. Ndimatsitsa, koma chingwe sichifika.

Inu amene mumapeka nkhani za maiko a kumwamba ndi a pansi pa nthaka, pekani, n'zokoma. Mdani wanu mupatseni michira isanu ngati mukufuna. Koma musamubwerekere mwendo, msinkhu kapena chilankhulo kwa anthu amoyo, chifukwa mwini wake adzafika pamudzi panu tsiku lina, ndipo mwina adzakhala atanyamula chimene mukusowa.

Usiku wa tsiku lomwe Zuze anachoka, ndinayesa kuseketsa Naphiri kuti nkhope imasuke. Sanaseke. Anatembenukira kukhoma n'kunena, “Bambo a Rozina, munthu uja mwamuthamangitsa ndi pakamwa. Tsono mawa mulawire, mukamalize chitsimecho ndi pakamwa pomwepo. Ine msana wakana.”