TV ya Amalume Yomvera Ogwada

Ndikukumbukira chaka chimene amalume anga a Frakisoni anabwerera kwathu ku Tukombo kuchokera ku Joni. Ine ndinali Fomu 2 pa sekondale yoyendera, ndipo mbiri yanga inali itafika kale patali. Ndine ndinaika nkhanu yamoyo m'bokosi la choko. Amayi ankakonda kunena kuti Mulungu ankafuna kuwapatsa mnyamata wovuta, koma anasintha maganizo mochedwa n'kuwapatsa ine, Wezi.

Amalume anatsika minibasi ndi masutikesi awiri, mathalauza oyera okhaokha, ndi katoni ya TV yopyapyala ngati chitseko cha kabati. Pasanathe sabata, padenga panali sola ndi dishi. Nyumba yawo ndi yathu zinali pabwalo limodzi, pomwe amayi ankayanika chinangwa chovuula, moti ukalowa pabalaza pawo unkamva fungo lowawasa la chinangwa likulimbana ndi perefyumu wa ku Joni. Chinangwa ndicho chinkapambana.

Chimodzi chokha chinasowa: rimoti. Amalume ankati anawabera paboda, ndipo ankatukwana dziko lonse akamadzuka kukadina mabatani. Zoona zake n'zakuti rimotiyo inali m'thumba lam'kati la jekete imene anandituma kukachapa. Ndinaipeza ndisanaviike. Mwana wabwino akanathamanga kukabweza. Ine ndinachotsa mabatire m'wotchi yapakhoma ya amayi.

Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, amalume ankaonera pulogalamu ya zipangizo zatsopano. Anyamata awiri ovala bwino ankatsegula makatoni n'kumatisonyeza mawotchi owerenga kugunda kwa mtima, ndi furiji yodziwa yokha kuti mkaka watha. Ife tinkagwedeza mitu mozama, ife amene furiji tinalibe, mkaka tinalibenso. Tsiku lina anasonyeza TV yomva mawu a munthu. Mmodzi wa anyamata aja anangoyankhula, iyo n'kusintha tchanelo.

Amalume anapukusa tambula yawo n'kunena mwanthabwala, ndi Chingerezi chawo cha m'mphuno, "Voliyumu apu."

Ine ndinali pansi pafupi ndi khomo, lichero la chinangwa chosenda lili pamiyendo, rimoti ili pansi pa makoko. Chala changa chinadina chokha, ndikulumbira. Mawu anakwera.

Sindidzaiwala nkhope ya amalume. Anayang'ana TV, anayang'ana amayi, anayang'ananso TV ngati munthu amene mbuzi yake yamupatsa moni. "Voliyumu dauni," anatero monong'ona. Mawu anatsika. Kenako anakhala tsonga n'kuuza amayi kuti, "Achemwali, ndinkadziwa ine. Mwenye uja sakanandigulitsa chinthu wamba."

Vuto linabwera lokha, si ine ndinalipanga. Rimoti imafuna kuona kadiso kakang'ono ka m'munsi mwa TV, ndipo amalume akafuna kuonetsa anthu, ankaimirira kutsogolo kwenikweni, manja m'thumba, n'kutchinga kadisoko ndi thupi lawo lonse. Ndinkadina, osatheka. Tsiku lina atatopa ananjuta chapambali kuti aone chavuta n'chiyani, njira inatseguka, TV n'kumvera. Amalume anapeza sayansi yake pomwepo: khutu la TV lili m'munsi, munthu ayenera kutsika kuti imumve.

Apa ndiye ndinaona mwayi. Kunjuta ndinasiya kukulandira, ndinkadikira mpaka bondo ligunde simenti. Akakalipa, TV inkagontha. Akayankhula mofatsa, inkamva. Pofika sabata yachitatu, munthu amene sanagwadirepo aliyense chibwerereni ku Joni ankayala kampango pansi, n'kugwada, n'kunena kuti "chonde" asanapemphe nkhani za masana. Ndikakhala kusukulu TV sinkamva chilichonse, koma iwo ankati batire ya sola imakhala isanakhute.

Tsono amalume anali ndi nkhani ina yaikulu kuposa TV. Ankafuna kukwatira a Nyamhone, amene ankasoka zovala ku Chintheche, ndipo a Nyamhone anali atalola. Amene sanalole anali bambo awo, ada Mhone, mkulu wa mpingo wathu, munthu wamfupi wosaseka chisawawa. Thenga amene tinatuma anabwerako ndi mawu ochepa: mnyamatayo amapereka moni kwa akulu ataimirira, manja m'thumba, ndiye mwana wawo akamulemekeza ndani? Amayi anawachonderera amalume kuti apite akagwade, nkhani ithe. Iwo anati ku Joni ngakhale bwana umamupatsa moni uli chiimire.

Loweruka lina kunamveka kuti ada Mhone akuyendera Akhristu m'makomo ndipo adzafika kwathu masana. Aliyense ankadziwa chimene ankabwerera. Amalume anasita thalauza, anapukuta TV ndi mpango wonyowa, n'kunena kuti mkuluyo akangoona nyumba imene zinthu zimamvera mawu a mwini wake, ukwati watheka. Ananenetsanso kuti tsiku limenelo sagwada. Adzangoyankhula mokweza.

Ada Mhone anafika dzuwa likuswa mtengo, jekete yakuda ili pathupi, Baibulo kukhwapa. Amayi anawalandira atagwada pakhomo, n'kuwakhazika pampando wabwino umene unali pambali pa TV. Ine ndinabweretsa tiyi, n'kukhala pamalo panga ndi lichero langa. Pemphero litatha, amalume anaimirira, anakonza kolala, n'kulamula TV kuti iyake.

Ulendo uno sanatchinge kadiso kaja. Njira inali yoyera. Ndinangopinda manja.

Analamulanso, mokweza. Kunja nkhuku inalira. Ada Mhone anamwako tiyi wawo. Kachitatu amalume anayesa Chingerezi china chachitali, thukuta likutsika m'khosi, ndipo amayi anayamba kuyang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. Ndinawamvera chisoni amalume, pang'ono, ngati mmene umamvera chisoni nsomba uli mkati moikazinga.

Kenako anagonja. Analibe nthawi yoyala kampango. Anagwada ndi thalauza loyera lija pasimenti, pafupi ndi nsapato za ada Mhone, n'kunena ndi mawu aang'ono, "Chonde, yaka."

Ndinadina. TV inayaka, akubwereza pulogalamu ya Lamlungu ija, anyamata a makatoni aja ali pakati potamanda foni yopindika.

Ada Mhone anaika kapu pansi. Sanayang'ane TV. Anayang'ana ine, kenako lichero, kenako ine. Ndinadziwa kuti andigwira, pakuti mwana wawo wamwamuna anali ndi TV ku Mzuzu. Koma anangotembenukira TV ija, ali chikhalire pampando, n'kunena mwa Chichewa chawo cholemera ndi Chitonga, "Iwe, zima."

Ndinazimitsa msangamsanga. Ndine wopulupudza, koma si wopusa.

Amalume anatsegula pakamwa, n'kuyamba kudzuka.

"Ayi, ada, khalani momwemo," anatero mkuluyo. "Ndinkaganiza kuti mawondo anu anatsalira ku Joni. Poti alipo, tiyeni tikambirane."

Anakambirana nthawi yaitali, amalume ali chigwadire, akuyankha "yewo, ada" pa chilichonse. Ine anandithamangitsira kunja, koma zenera linali lotsegula. Mawu omaliza amene ndinamva anali akuti thenga abwerenso sabata yamawa.

Potuluka, ada Mhone anaima pakhomo n'kunena mokweza kuti aliyense amve, "Wezi, apatse amalume ako kachinthu kali m'licheromo. Ntchito yake yatha."

Ndinathawa kudutsa m'munda wa chinangwa, amalume ali pambuyo ndi nsapato imodzi m'manja, mawondo a thalauza ali bii. Sanandipeze. Chilango chinandipeza madzulo ake: mwezi wathunthu osaonera TV, ndiponso kuchapa mathalauza oyera onse aja. Amayi anandikalipira kwambiri, koma pakati pa kukalipako ankatuluka panja kukatsokomola, ndipo chifuwa chimenecho chinkamveka ngati kuseka. Anandiuza kuti ndikapepese. Ndinapita n'kuwauza amalume kuti thenga weniweni ndine, andigulire nsapato za paukwati. Anandiponyera pilo. Nsapatozo anagula a Nyamhone.

Lero ndimakhala ku Mzuzu, ndipo mapulogalamu a zipangizo aja ndimawaonera pafoni ndili pabedi. Zimene tinkaziona ngati matsenga zili m'thumba mwa aliyense. Foni yanga imamvadi mawu, popanda mwana wobisala pakhomo. Imamvera aliyense, waulemu ndi wamwano yemwe, woimirira ndi wogona chagada, ndipo anyamata a makatoni amati kumeneko ndiye kupita patsogolo. Mwina n'zoona. Koma ana a amalume ndimawaona akukalipira foni ya bambo awo kuti iwaikire katuni, iyo n'kumathamanga kuwatumikira osafunsa n'komwe kuti mwadzuka bwanji. Pa zipangizo zonse zimene ndaonapo chiyambire, chimene chinalerako munthu ndi chimodzi chokha, ndipo chinkayendera mabatire a wotchi ndi chala changa.