Mahedifoni oti ndimveremo amayi

Tcheketcheketcheke. Ndi mmene inkalirira kaseti agogo akailowetsa pa bolopeni n'kumaizunguza m'mwamba kuti ibwerere poyambira. Kuibweza ndi wailesi kunali kudya mabatire pachabe. Ine ndinkakhala pakhonde phee, kuyang'ana dzanja lawo.

Kaseti inali imodzi yokhayo m'nyumba mwathu. Munali kwaya ya ku Nguludi, yomwe bambo mfumu wina wokonda makina anajambula ine ndisanabadwe. Amayi anga, amene anamwalira ndikukwawa, ankaimba m'kwayamo.

Nyimbo ya zopereka ikafika pakati, agogo ankaloza wailesi. "Amako awo. Wawamva?"

Ndinkagunditsa tsaya pa sipika, koma ndinkangomva gulu la anthu ndi mkokomo ngati wa mvula pa malata. Agogo anatisiya chaka chatha. Kaseti nayo yakalamba, yadukapo kangapo ndipo ndailumikiza ndi kyuteksi wopaka zikhadabo. Ndikaiimba ndimakhala ndikudziwa kuti mwina ndi komaliza.

Nchifukwa chake Lachiwiri lapitali ndinaiika m'thumba n'kupita pa Njuli kwa a Sitefano, okonza mawailesi. Bambowa abwera posachedwa kuchokera ku Joni ndi chikwama cha mahedifoni, ena mwa iwo akuti anagwirapo ntchito m'nyumba zojambulira nyimbo. Mtengo wake wa enawo munthu n'kugula mbuzi.

Ndinachita zomwe tonse timachita. Ndinaloza aakulu kwambiri, onyezimira, n'kuuza a Sitefano kuti akweze mawu mpaka pamapeto. Ng'oma inandigunda m'mano. Ndinkamva mutu wonse ukunjenjemera, ndipo ndinati mumtima, basi ndi omwewa.

A Sitefano anandikoka dzanja. "Achimwene, mukugula mahedifoni kapena chigayo?"

"Si ndiye amphamvuwo?"

"Amphamvu ndithu. Koma inuyo mukufuna kumva chiyani?"

Sindine munthu wolongolola, koma ndinawauza za amayi anga ndi kasetiyo. Anasiya kuseka. Anatsitsa mawu mpaka pansi, n'kuyala mahedifoni a mitundu itatu pathebulo pakati pa mawaya ndi zitsulo zawo. Anati nyimbo isasinthe, mawu asakwezedwe, ndizingosintha chovala kumakutu basi, ndipo chilichonse ndikhale nacho kanthawi ndione ngati sichikuwotcha kapena kufinya.

Aakulu aja atatsitsidwa mawu anangokhala ng'oma ndi azibambo a besi, azimayi onse atakwiriridwa. Achiwiri anali tating'ono tolowetsa m'khutu ngati nyemba. Timeneto tinatseka msika wonse, koma kwaya inapanikizana pakati pa mutu ngati anthu a m'minibasi.

Achitatu sindikanawayang'ana n'komwe. Nsalu yake yapamakutu inali yosupuka, kumbuyo kwake kuli timabowo ngati sefa, ndipo mawu ankatulukira kunja. Ndinawavala pofuna kungowasangalatsa a Sitefano.

Abale anga, tchalitchi chinatseguka.

Azimayi anali kumanzere kwanga, azibambo kumanja, woimba ng'oma chakumbuyo pang'ono. Wina anatsokomola patali. Benchi inalira munthu atasuntha. Kudenga kunali mbalame, mbalame yeniyeni, ikulira zake osasamala za Misa. Ndipo nyimbo isanayambe ndinamva anthu onse akukoka mpweya pamodzi. Kaseti imeneyi ndaimvera moyo wanga wonse, koma sindinkadziwa kuti muli mpweya wa anthu. Ndinatembenuka kuti ndione amene watsokomola, n'kungoona wakabaza akupopa njinga yake.

Zonsezi zinali momwemo zaka zonsezi, m'kalamba kopyapyala kabulawuni, zikungodikira.

Tsono tandiuzani, kodi tinayamba liti kuyesa ubwino wa chinthu ndi phokoso lake? Munthu akamagula wailesi, choyamba amapotokola mpaka sipika ichite kulira ngati mbuzi yomangidwa, ndiye amatulutsa ndalama. Masitolo oyandikana amaika masipika pakhomo n'kumalimbana, ogula n'kumafunsa mtengo wa sopo mokuwa. Paukwati mkwatibwi sakumva zomwe akumulangiza. Masiku ano ngakhale pamaliro pafika makina, moti mayi amene akulira mwana wake samvekanso.

Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Sananene za makutu athu, koma nawonso akung'ambika.

Ndipo sizithera pa makina. Pamsonkhano wa kumudzi kapena wa kutchalitchi, amene timati wayankhula zanzeru ndi amene wakweza mawu. Mayi uja amayamba chapansipansi, wina n'kumudula, ndani anamvapo mapeto a mawu ake? Ine ndakulira m'mbali mwa mabwalo otere, ndikuyang'ana milomo ya anthu amene sanamveke.

Ndikudziwa zomwe ena mukunena. Kwathu kuno wailesi ndi ya onse, imakhala pabwalo, ndipo wotseka makutu n'kudutsa osayankha moni timati ndi wamwano. Sindikutsutsa. Koma kodi kumvera tonse pamodzi kumatanthauza kuti tonse tisamve kanthu?

Vuto langa linali lisanathe. Gulu lija tsopano linali anthu, aliyense ndi mawu ake, koma amayi anga ndi ati? Mawu awo sindiwadziwa. Ndinavula mahedifoni.

"Mayi Veronika ogulitsa nandolo kuseri kwa chigayo aja ankaimba kwaya imeneyi," anatero a Sitefano. "Kawatengeni. Koma samalani, ndi olusa."

Anabwera akupukuta manja pachitenje, nandolo atasiyira mnzawo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu.

"Ndiwe mwana wa Agnesi iwe? Mphumi yake yomweyo. Tsono mwandiitanira zipewa za oyendetsa ndegezi?"

"Amayi, muvule kaye duku," anatero a Sitefano.

"Ndivule duku pamsika? Iwe Sitefano, ku Joni unakasiya nzeru?"

Anangolikweza pang'ono, makutu okha n'kuonekera. Tinayamba ndi aakulu aja. Sanachedwe nawo. "Chotsani. Uku n'kupuntha chimanga." Tating'ono tija anakaniratu, ati m'khutu mwawo simulowa chinthu chomwe chalowa mwa anthu ena.

Atavala achitatu anaima njii. Kenaka anayamba kuyankhula mokuwa, monga amachitira aliyense wovala mahedifoni koyamba, mpaka ogula tomato anacheuka.

"Awo ndi malemu a Firipo akutsokomolawo, fodya anawatha. Eee. Uyo ndine, tamverani mmene ndinkakwerera. Lero ndingafike pamenepo?"

Kenaka anasiya. Milomo yawo inkayenda yokha, mawu osatuluka. Nyimbo itatha anati ibwezedwe. Mtima wanga unali pa kyuteksi uja, koma ndinavomera.

Anandigwira khosi la malaya n'kundikokera pafupi, tsaya langa n'kugunda duku lawo. Anapotokola mbali ya kumanzere ya mahedifoni kuti iyang'ane khutu langa.

"Azibambo akangomaliza, tchera khutu. Pali wina amalowa msanga anzake asanakoke mpweya. Mawu okhuthala pang'ono, ngati wa chimfine. Ankatero nthawi zonse, aphunzitsi a kwaya anachita kutopa naye. Dikira. Dikira. Uyo."

Ndinawamva. Kamphindi kochepa chabe, mawu amodzi ali okha m'tchalitchi monse, a mtsikana wocheperapo kuposa ine lero, wothamangira nyimbo. Kenaka anzawo anawapeza. Koma nditawagwira sanandisowenso. Ndinawatsatira mpaka kumapeto, akukwera, akutsika, akupuma pamalo olakwika.

A Sitefano ankayang'ana kumsewu.

Mayi Veronika anavula mahedifoni, anatsitsa duku lawo n'kulikonza bwinobwino. Anakulunga waya kuzungulira dzanja lawo monga amakulungira chingwe cha thumba, n'kundiika mahedifoniwo m'manja.

"Tenga onyansawa, mwanawe. Onyezimirawo asiyire a minibasi."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kubwerera ku nandolo wawo.