Mayi Amene Anasainira Kalasi Yonse

Lolemba lachiwiri la mwezi wa Sepitembala, khonsolo ya tauni yathu ya Kalinovets inakhoma chikalata cha zidindo ziwiri pachitseko cha holo ya anthu onse. Chikalatacho chinalengeza kuti chipinda nambala 4, momwe kwa zaka zisanu ndi zinayi munkasungidwa mipando yothyoka, tsopano chizitchedwa Likulu la Maphunziro a Moyo Wonse. Mipandoyo anaisamutsira ku nambala 5. M'munsi mwake munali mawu oti aliyense amene sukulu anaisiyira panjira abwere adzaphunzire ulere, Lachiwiri ndi Lachinayi masana, ndipo pakutha pa chaka adzalemba mayeso n'kulandira satifiketi ya kalasi 8, "yofanana m'zonse ndi ya ana a sukulu". Palibe adzatsalire m'mbuyo, chinatero chikalatacho, ndipo anasaina ndi mayi Zlateva, mkulu wa zamaphunziro kukhonsolo.

Ginka Rashkova anachiwerenga chiimirire, thumba la tsabola lili paphewa, chala chikutsatira mzere ndi mzere. Anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Sukulu anailekeza kalasi 6, chaka chimene bambo ake anavulala msana fodya ali m'munda, pakhomo popanda wina woti asoke. Mwamuna wake ankayendetsa lole kunja ndipo ankabwera kanayi pachaka kudzagona ndi kudzadandaula za misewu. Ana awiri anawalera Ginka, ndipo ndi iye ankakhala nawo patebulo akamalemba homuweki, akugwedeza mutu ngati akumva.

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anagwira ntchito kukhitchini ya sukulu ya mkaka. Papepala anali wotsuka mapoto. Koma chiyambire pamene mawondo a mayi Penka, wophika wamkulu, anayamba kukana, msuzi wa nyemba umene ana makumi asanu ndi limodzi ankamwa unali wa Ginka. Mayi Penka ankapuma pantchito mu Ogasiti wotsatira, ndipo lamulo linkati wolowa m'malo mwawo akhale ndi satifiketi ya kalasi 8. Chimene nyemba zimafunira kalasi 8 lamulolo silinafotokoze.

"Pita, mwana wanga," anatero mayi Penka, atakhala pa ndowa yovundikira akusisita bondo. "Ukapanda kupita adzatibweretsera kamtsikana ka zikhadabo zopenta, kadzatimalizire ana ndi mchere."

"Ndikakhale pabenchi ine, ndi imvi izi?"

"Imvi sizilemba mayeso. Pita."

Tsiku loyamba mwana wake wamkazi, Rumyana, anamuthirira madzi pakhomo monga timachitira ndi ana oyamba sukulu, ndipo Ginka anaponda pamadziwo atanyamula maluwa a aphunzitsi. M'chipinda nambala 4 anapezamo anthu khumi ndi atatu, iye wachikhumi ndi chinayi. Aphunzitsi anali bambo Kolev, mkulu wopuma pantchito amene anaphunzitsa masamu theka la tauni ino, kuphatikizapo mayi Zlateva, omwe malinga ndi iwo sanali pagulu la anzeru. Kumbuyo kunakhala Mincho, makaniko wonenepa amene ankafuna satifiketiyo kuti akalowe ntchito kudepoti ya mabasi.

"Alamu, mwabwera ndi maluwa?" anafuula Mincho. "Aphunzitsiwa ali pabanja, mudziwiretu."

"Khala chete iwe, amene unabwereza kalasi 4 mpaka kumera ndevu."

"Ndinkaikonda kalasiyo, nanga n'kulakwa?"

Nyengo yozizira inafika, chotenthetsera m'chipinda sichinabwere. Khonsolo inayankha ndi kalata yonena kuti chotenthetseracho chili m'mapulani, ndipo bambo Kolev anaiwerenga mokweza n'kuuza ophunzira ayandikire kalatayo aothe. Anthu ankalemba atavala majasi. Ginka sanajombepo. Masamu a magawo sanamuvute, popeza munthu amene wagawa thireyi imodzi ya banitsa, mkate wathu wa tchizi, kwa ana makumi asanu ndi limodzi popanda wolira amawadziwa kale. Mbiri ya mafumu akale ndiyo inkamuzunguza, ndipo ankailoweza akusenda mbatata, Rumyana akumufunsa mafunso madzulo ndi nkhope ya mphunzitsi wolusa. Kulemba kwake kunali kwa pang'onopang'ono koma kokongola, zilembo zonenepa zoima mowongoka ngati mabotolo pashelefu.

Kenako kunabwera Meyi. Aliyense kuno amadziwa zimene zimachitika mu Meyi: maluwa a rozi amamasula, ndipo kwa milungu inayi yekhayo wopanda manja ndi amene sapita kumunda. Anthu amalawirira kusanache kukathyola maluwawo, dzuwa likamakwera amakapereka matumba kofulula mafuta onunkhira, masana amagona ngati akufa. Amene analemba malamulo a maphunzirowo ku likulu la dziko rozi ankamudziwa wa m'botolo yekha. Lamulo lawo linkati kalasi ikapezeka ndi anthu osakwana khumi ndi awiri katatu motsatizana, itsekedwe. M'chipinda nambala 4 munatsala anthu asanu.

Mayeso anali atatsala milungu isanu ndi umodzi pamene mayi Zlateva anafika kukhitchini ya sukulu ya mkaka, malo amene anali asanapondepo, kaundula wa kalasi ali m'khwapa. Anadikira mayi Penka atuluke.

"Achemwali, ndabwera kwa inu chifukwa ndinu nokha womvetsa zinthu," anatero, akuyala bukulo patebulo lodulirapo anyezi. "Kalasi yanu ikutsekedwa."

"Koma mayeso, mayi?"

"Ndi zimenezo. Popanda kalasi palibe mayeso. Koma ndi nkhani ya mabokosi osainamo chabe. Anzanuwa akanakhala ndi mpata akanasaina okha, si choncho? Inu mungowathandiza dzanja."

"Ndisaine dzina la munthu wina?"

"Aa, achemwali, maofesi onse amayenda choncho. Mukuganiza kuti misonkhano yonse ija timakhalapo?" Anaseka, n'kutulutsa mabolopeni atatu m'chikwama, wabuluu, wakuda ndi wina wabuluu wotuwirako. "Muzisinthasintha. Chachikulu, pasatsale bokosi lopanda kanthu mpaka kutha kwa mwezi. Zikavuta ndine ndili kutsogolo."

"Bambo Kolev akudziwa?"

"Musawavutitse achikulire."

Ginka anapita nalo kunyumba bukulo. Anali asananamepo papepala, ndiye sankadziwa kuti bodza la muofesi limalembedwa mothamanga ndi mosasamala. Anapukuta tebulo, anasamba m'manja, n'kulemba dzina lililonse lathunthu, mosamala, ndi zilembo zake zonenepa zija. Mincho, amene siginecha yake inkaoneka ngati waya wopindika, anasanduka munthu wolemba bwino. Mabolopeni anasinthadi monga anamuuzira. Atafika pa bokosi la Lachinayi, pa 24 Meyi, anaima. Limenelo ndi tsiku la chikondwerero cha zilembo, sukulu zonse m'dziko muno zimatseka, ana ndi aphunzitsi n'kumaguba mumsewu ndi maluwa. Koma amene anasindikiza kaundulayo sanalidumphe tsikulo, ndipo mayi Zlateva anati pasatsale bokosi lopanda kanthu. Ginka ndi munthu amene ukamuuza kuti atsuke mapoto onse, amatsuka ndi oyera omwe. Anadzaza.

Pa 24 Meyi pomwepo kalasi yonse inagubadi mumsewu waukulu, a kumunda atasamba, mayi Zlateva ali patsogolo atagwira nsalu yolembedwa dzina la Likulu. Anajambulitsa chithunzi chokongola ndipo anachimata pa lipoti lopita kwa opereka ndalama za maphunzirowo, tsiku litalembedwa pansi pake.

Woyendera maphunziro anabwera mu Juni, patatsala masiku asanu ndi anayi kuti mayeso alembedwe. Anali bambo wowonda wa magalasi, waulemu kwambiri. Anakhala pampando wa aphunzitsi, kaundula kumanzere, lipoti kumanja, ophunzira onse khumi ndi anayi ali pamabenchi popeza rozi anali atatha.

"Ndikuyamikeni," anatero. "Ndayendera makalasi makumi atatu. Inu nokha ndi amene munaphunzira pa tsiku la chikondwerero, nonse, nthawi yomweyo mukugubanso mumsewu." Anatembenuza tsamba. "Bambo Mincho ndi ati? Tabwerani mudzalembe dzina lanu pabolodi."

Mincho anapita, analemba waya wake uja, n'kuyang'ana m'bukumo.

"Iii, bwana, kodi ndimalemba bwino chonchi? Ndipatseni satifiketi ndizipita."

Palibe anaseka. Woyenderayo anapempha makope a onse, ndipo sipanatenge nthawi kuti apeze mwini zilembo zonenepazo.

"Mayi Rashkova, ndi dzanja lanu ili?"

"Ndi langa, bwana."

"Anakutumani ndani?"

Ginka anatembenukira kwa mayi Zlateva, amene analonjeza kukhala kutsogolo. Anali ataima kumbuyo, pafupi ndi chitseko, dzanja lili pachifuwa.

"Ine ndadabwa koopsa," anatero mayi Zlateva. "Bukuli timalisiya m'kalasi powakhulupirira, poti ndi anthu akuluakulu. Achemwali, bwanji simunabwere kudzandifunsa?"

"Mabolopeni anu ndikadali nawo, mayi. Atatu."

"Bolopeni ndi bolopeni, achemwali. Amagulitsa paliponse."

Bambo Kolev anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kenako anauza woyenderayo kuti mayiyu sanajombepo n'kamodzi komwe, ndipo mayeso akhoza kuwalemba lero lomwe, pomwepo, iwo akuona. Woyenderayo anati akumvetsa, ndipo ankaoneka kuti akumvetsadi, koma fomu yake inalibe malo olembapo zimenezo.

Mayeso anaimitsidwa kwa kalasi yonse. Ginka anamulembetsa kalata yovomera kuti anachita yekha, atamuuza kuti akatero nkhani sipita kupolisi. Anasaina dzina lake, lathunthu, mosamala. Pamsika anzake ena a m'kalasi anasiya kumupatsa moni. Mincho yekha anamuimitsa tsiku lina ali pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka.

"Alamu, musadzidye mtima. Ine mayesowo ndikanalephera ndithu. Mwandipulumutsa ku manyazi."

"Ine ndikanakhoza," anatero Ginka, n'kupitirira.

Mu Ogasiti mayi Penka anapuma. Wolowa m'malo anabwera kuchokera ku tauni yoyandikana nayo, mayi wabwinobwino wa satifiketi yake, amene sabata yoyamba anafunsa Ginka kuti nyemba za ana ochuluka chonchi amaviika zingati. Ginka anamuuza. Amamuuzabe.

Mayi Zlateva anawakweza kupita ku ofesi ya chigawo, chifukwa cha luso lawo potulukira chinyengo msanga. Chaka chotsatira maphunziro aja anatsegulidwanso ndi thandizo latsopano, dzina latsopano, ndiponso chotenthetsera. Ginka analingalira sabata yathunthu, kenako anavala diresi lake labwino n'kupita kukalembetsa. Kalaliki wamkazi wa pawindo analemba dzina lake pakompyuta, anadikira, anapukusa mutu.

"Pepani mayi, mwayiwu ndi wa kamodzi. Apa zikuonetsa kuti inu munapindula kale."

"Ndinapindula chiyani?"

"Sizikunena. Zangoti munapindula."

Anatembenuza kompyutayo kuti Ginka adzionere yekha. Linali lipoti la khonsolo la chaka chija, ndipo pa mutu wakuti akuluakulu amene abwezeredwa kusukulu panalembedwa kuti khumi ndi anayi mwa khumi ndi anayi.