Chithunzi Chimodzi Chotsala

Ndinanyamuka ku Nyambadwe Loweruka cha m'ma 9 koloko m'mawa, kamera ili pakhosi. Ndi kakamera kakale ka filimu, kopanda batire: umasuzumira pakabowo, kudina, kenako kupukusa ndi chala chachikulu. Ndimakakonda chifukwa sikachulukitsa nzeru. Koma tsiku limenelo kawindo kake kowerengera kankaonetsa 35, pomwe filimu imathera pa 36, ndipo ina ndimachita kuitanitsa kunja. Chithunzi chotsalacho chinali ndi mwini wake kale: mayi anga aakulu a Rozina a ku Chinyonga, amene mawa lake ankabwerera kwawo ku Nsanje atakhala m'tauni zaka zambiri. Ananena okha kuti akufuna chithunzi chotsuka, osati za m'foni.

Minibasi yopita m'tauni inadzaza anayianayi. Kondakitala atangoona kamera anaiwala zotolera ndalama.

"Bigi, tajambulani pano. Ndiyime bwanji?"

"Chatsala chimodzi, achimwene, ndipo ndi cha eni ake."

"Ingodilitani zinazo."

Ndinamuuza kuti izi sizifufutika. Sanakhulupirire. Anatambasula dzanja kufuna kutsegula kumbuyo kuti aone yekha, ine n'kukafumbata kakameraka ngati mwana wodwala. Akanatsegula, kuwala kukanapsereza filimu yonse.

M'tauni ndinakwera ina ya ku Limbe, sauzande imodzi. Pa Ginnery Corner tinaima nthawi yaitali kudikira anthu, ndipo apa ndi pomwe mayesero anandipeza. Bambo wina ankawoloka msewu atasenza matiresi, mbuzi ikumutsatira pachingwe ngati yapita naye kokagula. Chala chinayabwa. Ndinatseka maso mpaka minibasi itanyamuka.

Ku Limbe ndinafika dzuwa lili paliwombo. Ndinadya tchipisi cha pachiwaya, chothira kabichi ndi tsabola wambiri. Mkulu wokazingayo anayang'ana kamera n'kumwetulira. Anati pa ukwati wawo anajambulidwa ndi yotereyi, anadikira milungu iwiri, chithunzi n'kutuluka mkazi wawo atatsinzina. "Chilipobe pakhoma," anatero. "Mafoni ndataya atatu."

Njinga yamoto inanditula ku Chinyonga cha m'ma 1 koloko. Katundu anali atamangidwa kale m'matumba, nyumba ikuoneka mbee. Mayi aakulu anandisiya pakhonde pafupifupi ola lathunthu. Anatuluka atavala chilundu chatsopano, duku lowongoka, nsapato zopitira kutchalitchi. Anaima pafupi ndi mtengo wa mapeyala, manja m'mbali, nkhope ngati akulumbira kukhoti.

Ndikuti ndidine, anakweza dzanja.

"Ndekha ayi. Bwera uyime apa."

"Nanga ajambula ndani, amayi?"

Anaitana a neba awo, mayi wogulitsa mandasi. Iwo analandira kamera n'kuitambasulira kutsogolo, akufunafuna poonera. Ndinawaonetsa kabowo, ndinawapempha kuti adine kamodzi kokha. Anasuzumira ndi diso lomwe anatsinzina, n'kudandaula kuti muli mdima. Mayi aakulu anaphulika kuseka, inenso chimodzimodzi, ndipo pomwepo tinamva kuti thwa.

"Ndijambulenso china, mwaseka," anatero a neba aja.

"Palibenso china," ndinayankha.

Kunena zoona ndinadandaula, poganiza kuti mwina mitu yadulidwa. Mayi aakulu analibe nazo ntchito. Anandigwira dzanja pondiperekeza kumsewu.

"Takhuta, mwananga," anathokoza m'Chisena chawo. "Ukatsukitsa usapatsire munthu, usaikenso pabasi. Ubwere nacho wekha."

M'minibasi yobwerera ndinapukusa filimu mpaka kumapeto, ndikuganiza za mawu amenewo. Zaka zonsezi ndinkakhala nawo mumzinda umodzi koma ndinkawaona patalipatali, ndikumati ndimawaimbira foni. Akanajambulidwa pafoni, bwenzi nditawatumizira madzulo omwewo n'kuthana nazo. Chotsuka chilibe njira ina. Kaya chituluka chopanda mitu, ulendo wa ku Nsanje ndili nawo.