Phulusa m'matumba a nandolo

Nandolo ndinayamba kulima ndili kamtsikana, kumunda kwa mayi anga kunsi kwa Michesi kuno. Sukulu ndinalekera sitandade faifi, koma pa za nandolo ndinkadziyesa mphunzitsi wa mudzi wonse.

Chaka china pa wailesi panadzaza nkhani yakuti boma silikufunanso kuti mbewu zathu zizituluka m'dziko muno zosakonza. Ati zizikonzedwa konkuno, ana athu apezepo ntchito. Ine ndinkamva ndikusenda chinangwa cha makaka, n'kumati izo n'za anthu a m'tauni. Wailesiyonso inali ya malemu amuna anga, yomanga ndi mphira, kuti ilankhule mpaka uiwombe khofi. Koma posakhalitsa alangizi anabwera ku kalabu yathu ya amayi. Ati ku Limbe kwatsegulidwa fakitale yosenda nandolo n'kumulonga m'mapaketi, ndipo ikufuna kugula kwa alimi eni ake. Tikadzaza lole ndi nandolo wabwino ulendo woyamba, izibwera chaka ndi chaka. Tikalephera, basi, tibwerera kwa mavenda ndi masikelo awo aja.

Nandolo wanga anauma msanga. Nditamenya ndi kupeta, ndinachita zomwe mayi anga ankachita: ndinasefa phulusa la zitsononkho n'kusakaniza m'matumba onse kuti anankafumbwe asalowe. Alangizi anatiletsa kuthira mankhwala, inde, koma phulusa ndi mankhwala ngati? Sindinafunse munthu.

Tsiku la lole tinasonkhanitsa matumba pabwalo la tchalitchi. Kunatsika mayi wina wa kufakitale, wovala jombo, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, yemwe anakwatiwa ku Chilwa, amene amanditumizira matemba akandikumbuka, ngakhale sakumbuka kawirikawiri. Mayiyo anali ndi kachitsulo kobayira matumba. Atangobaya langa, kunatuluka fumbi loti mbuu.

"Agogo, mwathiramo chiyani umu?"

"Phulusa, mwananga. Taonani, mulibe nankafumbwe ngakhale mmodzi."

"Zoona mulibe," anatero mayiyo. "Koma uyu akalowa m'makina adetsa wa anthu onse. Sindingatenge."

Matumba anga ndiwo anali ambiri m'kalabumo, ndipo kuwachotsa lole sikanadzaza. Amayi onse aja akanataya msika chifukwa cha nzeru zanga.

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, pakamwa pake sipagona. Anafuula kuti, "Mlamu, mwawatumizira ndi chidulo chomwe? Mumati makina a ku Limbe akaphika therere?" Anthu anaseka, ine misozi ili lengelenge. Koma ndi mlamu yemweyo amene anamugwira mkono mayi wa jombo uja n'kumufunsa kuti, "Nanga tikamupeta?"

Mayiyo anayang'ana dzuwa, anayang'ana ife. Anati lole ikatenge kaye katundu wa kalabu ina cha ku Migowi, idzadutsanso masana. "Ndikabaya n'kupeza woyera, akwera."

Simunaone amayi akuthamangira malichero ngati tsiku limenelo. Wina anabweretsa sefa, wina mphasa zitatu. Tinakhuthula matumba anga onse. Ena kusefa, ena kupeta, ena kutikita nandolo m'zitenje zawo, zitenje zabwinobwino zovalira alendo. Mphepo yake inali yopulupudza, phulusa lonse limabwerera kumaso kwathu. Amayi abusa, munthu waukhondo uja, anayera mpaka nsidze. Mlamu anangoti, "Mayi busa, lero mwakalamba kuposa apongozi anu." Palibe anapita kukaphika. Mayi wina wachisilamu wogulitsa mandasi pamsewu, yemwe sanali m'kalabu yathu n'komwe, anatibweretsera beseni lonse n'kukhala pansi kumapeta nafe.

Lole itabwerera, mayi uja anabaya thumba loyamba, kutikita nandolo pa kansalu koyera, kuyang'ana. Anabaya lachiwiri, lachitatu, mpaka lomaliza. Kenako anauza adalaivala kuti, "Tsegulani kumbuyo."

Ndinagwada pomwepo kuthokoza amayi anzanga mmodzimmodzi. Anandidzutsa, ati tisiyeni tikasambe, amuna athu angatithawe. Mayi wa kufakitale anandiuza za matumba otseka mpweya, oti nankafumbwe amafera momwemo popanda kuthira kanthu, ndipo ndi amene ndimasungiramo nandolo masiku ano.

Loleyo ikubwerabe. Chaka chatha inachita maulendo awiri.